Kurikulu ya Bambo Anga Inakulunga Nsomba

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinamva koyamba mawu akuti kurikulu, ndipo mpaka lero ndikawamva mtima umayamba kuwira. Chinali chaka chachiwiri chibwerereni kuchokera ku Malawi kumene tinathawira nkhondo. Kwathu ku Angonia tinakapeza nyumba ili phulusa, munda uli tchire loti anthu ankaopa kupondamo chifukwa cha mabomba okwirira. Bambo anati tipite mumzinda wa Tete, kumene ankamva kuti ntchito zomanganso dziko zikuchita kusowa anthu. Tinapeza kachipinda kolipira pamwezi ku Canongola, ka malata otentha moti masana tinkakathawa n'kukakhala pansi pa mtengo wa masau.

Bambo anga, a Zakariya, anali munthu wa manja. Kumsasa wa othawa nkhondo anaphunzira kukonza mijigo, ndipo mjigo ukangouma anthu ankathamangira iwo. Pochoka, bungwe lomwe linawaphunzitsa linawapatsa satifiketi, pepala lolimba lokhala ndi chidindo chofiira. M'galimoto yobwerera kwathu ena anakumbatira mapoto ndi nkhuku, koma bambo anakumbatira pepala limenelo, atalikulunga m'pulasitiki n'kulibisa pachifuwa.

Tsiku lina tinamva kuti kampani ina yokumba zitsime ikufuna amisiri, ndipo aliyense abweretse kurikulu, pepala lofotokoza mbiri ya ntchito ya munthu. Bambo anali nayo yakale, koma inathera chaka chimene tinathawa, ngati kuti moyo wawo unaima pomwepo. Inafunika kulembedwanso, zaka za kumsasa zilowemo. Panali mkulu wina amene ankakhala pakhonde pafupi ndi maofesi ndi makina ake olembera, ndipo ankalipiritsa tsamba lililonse. Zaka zonse zamijigo anazipanikiza m'mizere iwiri kuti tsamba lisapitirire. Kunafunikanso chithunzi, ndiye bambo anabwereka jekete kwa a Domingo, oyandikana nafe, jekete la kolala yotambalala lomwe linali lokhalo m'dera lathu lonse.

Zonsezi zinatuluka m'mimba mwathu. Mayi ankagulitsa kachewere wa ku Angonia pamsika wa ku Nhartanda, m'timilu ting'onoting'ono, ndipo phindu lake linali loti ukayetsemula latha. Anagulitsa bulangete limodzi mwa awiri amene tinabwera nawo kumsasa. Tiyi anasanduka madzi otentha, sopo ankamudula ndi ulusi kuti afike kumapeto a mwezi, ndiwo zinali masamba a maungu opanda dontho la mafuta. Potsiriza panatsala kandalama kokwanira chinthu chimodzi, fotokopiya ya satifiketi kapena makope anga a kusukulu.

"Bambo a Lusiya, musapereke pepala lenilenilo," anatero mayi. "Makope adikire."

"Mwana asakhale pakhomo chifukwa cha ine," bambo anayankha. "Wa pa ofesi wanena yekha kuti akangowerenga abweza."

Anagula makope. Satifiketi anailumikiza ku kurikulu ndi phini n'kukapereka zonse.

Kuyambira pamenepo Lolemba lililonse bambo ankavala jekete la a Domingo, dzuwa la ku Tete likuswa mtengo, n'kuyenda wapansi kukafunsa. Mnyamata wolandira alendo pa ofesiyo anali ndi yankho limodzi la Chinyungwe, mangwana, kutanthauza mawa. Bambo ankabwera malaya atanyowa ndi thukuta, koma nkhope ili yowala, n'kumati zinthu zikuyenda. Mkati mwa kudikiraku malume anga a Fabiyano anabwera ndi uthenga woti mwini galimoto yaikulu yonyamula kachewere akufuna munthu wodziwa zitsulo woti aziyenda nayo. Malipiro anali ochepa koma otsimikizika. Bambo anakana. Anati akakhala pamsewu, a kampani akawafuna adzawapeza kuti? Malowo anatenga munthu wina.

Loweruka lina malonda anawayendera mayi, ndipo anandituma kuti ndikagule nsomba zokazinga. Panali patapita nthawi tisanalawe nsomba, moti ndinayenda ngati ndikuvina. Mayi wogulitsayo anasolola pepala m'thumba, n'kukulunga nsomba ziwiri. Ndili m'njira mafuta anayamba kuboola pepala, ndipo nditalitembenuza ndinaona kolala yotambalala ija. Pamwamba pake panali nkhope ya bambo anga, mchira wa nsomba utawagona pamphumi. Ndinawerenga dzina lawo, mudzi wathu, ndi mizere iwiri ya mijigo. Pakona pomwe panali phini panali pong'ambika.

Ndinabwerera ndikuthamanga, ndipo zimene ndinawalankhula mayi aja sizinali za mwana woleredwa. Iwo sanakwiye. Anangondiyang'ana, chipande chili m'manja.

"Mwananga, ine kuwerenga sindidziwa," anatero m'Chinyanja chosakaniza ndi Chinyungwe. "Mapepalawa ndimagula kwa gwarda, mlonda wa pa ofesi ija ya okumba zitsime. Amandigulitsa thumba lathunthu."

Ndinakaitana mayi anga, amene anasiya kachewere wawo m'manja mwa mnzawo. Tinakhuthula thumba lija pansi n'kuyamba kufufuza satifiketi. Munali nkhope za amuna ambirimbiri, ena achikulire, ena anyamata, onse atayang'ana kutsogolo mwaulemu. Jekete la a Domingo tinalipeza kangapo, pamapewa a anthu osiyanasiyana a ku Canongola, ndipo pa chithunzi china analivala eni ake. Satifiketi munalibe.

Mayi anafunsa ngati sanaonepo pepala lolimba lokhala ndi chidindo chofiira. Wogulitsa nsomba uja analoza mbaula yake.

"Olimbawo sakulunga bwino, mana, m'bale wanga. Ndimakolezera moto."

Madzulo ake bambo analitenga pepala lija n'kuliwerenga lonse pang'onopang'ono, ngati kuti ndi mbiri ya munthu wina. Kenako analipinda n'kuliika m'thumba. Mayi anati nsomba ilibe mlandu, ndalama yapita kale, tidye. Ndinadya, chifukwa njala sidziwa mkwiyo, koma ndinkatafuna misozi ikugwera m'mbale. Ndinakwiyira gwarda, ndinakwiyira mnyamata wa mangwana uja, ndinakwiyira makope anga. Ndinakwiyiranso bambo chifukwa chokhala chete.

Lolemba anavala malaya awo okha, opanda jekete. Ndinakakamira kuti ndipite nawo ndipo sanandiletse. Mu ofesi munali kamphepo ka makina kozizira bwino, moti ndinazindikira chifukwa chake anthu a mmenemo sankafulumira pa chilichonse. Bambo anapereka moni mwaulemu, n'kufunsa ngati pali yankho.

"Mangwana," anatero mnyamatayo osadzutsa mutu. "Mapepala anu ali patebulo la shefi, bwana wathu."

Bambo anatulutsa pepala lija n'kuliyala patsogolo pake. Fungo la nsomba linadzaza chipinda. Mnyamatayo analikankha ndi cholembera kuti lisadetse tebulo, ndipo manyazi sindinawaone pankhope pake ngakhale pang'ono.

"Malo aja anadzaza kalekale, bambo. Eni kampani anabwera ndi amisiri awoawo."

"Nanga bwanji simunandiuze tsiku loyamba?"

"Si bwino kukhumudwitsa munthu wamkulu ngati inu," iye anatero, ndipo ankaoneka kuti akukhulupirira kuti wachita zaulemu.

Ndinkafuna bambo agubuduze tebulo lija. Ndinkafuna afuule mpaka shefi wosaonekayo atuluke. Iwo anangopinda pepala lawo n'kundigwira dzanja. Tinayenda mpaka pamene mlatho wa Zambezi unayamba kuonekera, ndipo pamenepo anaima.

"Lusiya, akanandiuza kuti ayi, bwenzi lero ndili pa galimoto ija ya kachewere, satifiketi yanga ili m'nyumba. Ayi sapha munthu, mwananga. Amene wandipha ine ndi mawa."

Bungwe lija linali litatseka msasa n'kuchoka, choncho panalibe kokapempha pepala lina. Bambo analembetsanso kurikulu kawiri pa zaka zotsatira, koma kulikonse ankafunsidwa umboni wa mizere iwiri ija. Anatha moyo wawo akukonza mijigo ya ku Chimadzi ndi ku Canongola, malipiro ake mbale ya ufa, pena nkhuku, pena zikomo wouma. Madzi ankatuluka ndithu, koma dzina lawo silinalowe m'buku la malipiro la kampani iliyonse.

Makope aja anandifikitsa patali. Lero ndimagwira ntchito mu ofesi yolemba anthu ntchito mumzinda womwewu, ndipo makurikulu amafikira patebulo langa. Ndikaligwira pepala ndimadziwa kuti kuseri kwake kuli bulangete logulitsidwa ndi ana amene amwa tiyi wopanda shuga. Satifiketi yeniyeni sindilandira, ngakhale mwini wake achonderere. Ngati malo palibe ndimanena pomwepo, ndikumuyang'ana munthu m'maso. Anzanga amanditcha wouma mtima, ndipo dzinalo ndinalilandira.

Mwezi watha mnyamata wina wovala jekete lomukulira anagwetsa misozi nditamuuza kuti malo adzaza. Atatembenuka, mnzanga wa tebulo loyandikana anandinong'oneza kuti ndikanangomuuza kuti abwere mawa, apite ndi kachiyembekezo. Ndinakumbukira tsiku lija la nsomba ku Nhartanda. Ndinamuitana mnyamatayo asanafike pakhomo, n'kumubwezera mapepala ake onse, ndi chithunzi chomwe, ali oyera. Ndinamuuza kuti kuno ndi ayi, asadzavutikenso kubwera, ndipo afulumire akayese kwina maofesi asanatseke.