Kobiri la Njovu la a Shawa

Aliyense amene anaphulitsapo tayala la njinga cha ku Kapata amawadziwa a Gerson Shawa. Ndi aja amakhala pansi pa mtengo wa mango ndi beseni la madzi akuda, ovololo yong'ambika pabondo, magalasi awo omanga ndi mphira wa chubu. Akhala akukonza njinga kuyambira kalekale, ndipo mpaka chaka chatha panalibe chowanenera. Mowa ayi, zibwenzi ayi, ndale ayi. Munthu wotere amatisowetsa nkhani ife oyandikana naye nyumba. Koma Mulungu satiiwala. Mvula ya chaka chatha itangoyamba, a Shawa anagwidwa ndi matenda a ndalama zakufa.

Zinayamba ndi chinjinga chadzimbiri chimene mlimi wina anabwera nacho kuchokera ku Kasenengwa. Pomasula nati wa pachishalo, a Shawa anaona kuti washa wake si washa weniweni. Anamupukuta pa ovololo, ndipo panatuluka nyamalikiti ziwiri, makosi tololo, bowo lili pakati. Linali theka la kobiri la nthawi ya Chitaganya. Mmisiri wina wakale, atasowa washa, anangopisa m'thumba n'kumanga ndalama. A Shawa anangoyang'anitsitsa nyamalikitizo mpaka mwini njinga anayamba kutsokomola mowakumbutsa. Akuti anakumbuka ali mwana, amayi awo atawamangirira makobiri otere pachingwe kuti asawataye popita kukagula mchere. Anakumbukanso kuti nyamalikitizo zinali ndi mkulu wake, kobiri lathunthu, labowonso, lokhala ndi njovu ziwiri zoimirira ndi miyendo yakumbuyo.

Kuyambira tsiku limenelo, aliyense wobweretsa njinga ankayamba wafunsidwa za agogo ake. Kodi ali moyo? Kodi ali ndi chitini chakale pansi pa bedi? Anthu poyamba ankaganiza kuti mkuluyu wabwerera ku ubwana, koma ataona kuti amamata chubu mwaulere ukamubweretsera kandalama kosagula kanthu, anayamba kufukula m'masutikesi. Tiki wa makobiri atatu anabwera, susu ya mkango ya makobiri asanu ndi limodzi inabwera, sheleni inabwera. Ngwee zakale zija, za mbalame ya mlomo waukulu ndi za mphoyo, zinabwera zambiri moti zina ankazibweza. Loweruka lina anapalasa njinga mpaka kumalire ku Mwami kukacheza ndi anyamata osintha ndalama, amene anawaseka mpaka misozi, koma madzulo anabwerera ndi matambala akale a ku Malawi ndi kandalama ka ku Mozambiki kopatsidwa ndi dalaivala wa thiraki.

Zonsezi ankazisunga m'chitini cha kirimu wa nsapato, ndipo akazi awo, amake Chipo, sankakondwera nacho. Mayi ameneyu dzina lake ndi Lettie, ndipo mapoto ake ukhoza kumeterapo ndevu. Tsiku lina amuna awo ali kumtengo wa mango, anatsegula chitinicho, anaona zakuda bii, chifundo chinawagwira. Anatenga phulusa, mchenga ndi ndimu, n'kukwecha imodziimodzi ndi mtima wonse.

"Atate ake Chipo, taonani. Tsopano zikuoneka ngati za munthu wokwatira."

A Shawa anatenga sheleni, anaitembenuza. Inkawala, inde, koma chaka chake chinali chitafufutika, ndipo mfumukazi inalibenso mphuno.

"Mayi, ndinakulakwirani chiyani?"

"Mwati chiyani? Zikomo wake ndi ameneyo?"

"Litsiro lija ndiye zaka zake! Kodi inu ndikakukwechani makwinya ndi mchenga mungasangalale?"

Usiku umenewo sindinamve mbale zikulira kwawo. Ndimangonena zimene ndinamva, kapena zimene sindinamve. Nyamalikiti zokha zinapulumuka chifukwa zinali m'thumba la ovololo. Sabata yotsatira a Shawa anakhoma bokosi la matabwa, anayala m'kati nsalu yobiriwira yochotsedwa patebulo la pulu, anasema timaenje, kalikonse ndi ndalama yake. Pamwamba anaika galasi la windo la basi, n'kulimanga ndi masikuluu, ndipo sikuludiraiva ankayenda nayo ngati kolona. Pambali pa nyamalikiti anasiya kadzenje kopanda kanthu. Ako kanali ka njovu.

Miyezi inapita, kadzenje kali kukamwa yasa. Bokosi linadzaza m'mbali monse, koma mlendo aliyense akaonetsedwa, chala chake chinkathamangira pomwepo. "Nanga apa?" A Shawa ankangoti, "Zikubwera," ngati munthu amene mkazi wake wathawa.

Njovuzo anazipeza kumaliro, anthu atatha kukolola. Kunali ku Kasenengwa, kwawo kwa atate awo. Atakhala pamthunzi ndi amuna anzawo, mayi wina anakhala chapafupi akusintha mwana thewera, ndipo pamimba pa mwanayo panali kachinthu kofiirira komangidwa ndi kansalu. A Shawa anadzuka pakati pa nyimbo ya maliro. Amene analipo amati anayenda ngati mphaka woona mbewa, ndipo mayi wa mwana uja anatsala pang'ono kukuwa.

Kwa amene anakulira m'tauni, ndifotokoze. Mwana akabadwa ndi mchombo wotuluka, amayi akumudzi amaikapo kobiri n'kumanga, ati kuti ubwerere m'kati. Labowo ndiye labwino, chifukwa chingwe chimalowa, silitayika. M'mudzi monsemo linatsala limodzi, ndipo wolisunga anali azakhali awo a a Shawa, a Yosefina, gogo wamfupi wa fodya wa m'mphuno, amene ngakhale abambo mfumu amawalonjera atavula chipewa.

"Azakhali, kobiri lija mundigulitse."

"Gerisoni, mutu uli bwino? Lija si ndalama. Iwe yemwe linakumanga pamimba. Unali ndi mchombo ngati phwetekere."

Amuna amene anali pafupi anayang'ana pamimba pa a Shawa onse pamodzi.

Koma munthu wokonza njinga sadziwa kutopa. Anayamba kupita ku Kasenengwa pafupipafupi, mwina ndi shuga, mwina ndi sopo. Njinga zonse za m'mudzimo zinakonzedwa, ngakhale zimene nkhuku zinkaikirapo mazira. Ulendo wina anadzichenjeretsa: anasula washa wa mkuwa, wofanana kukula ndi kobirilo, wosalala bwino, n'kuwapatsa azakhali kuti asinthane.

"Bowo ndi lomwelo, azakhali. Mwana sangadziwe."

"Njovu zili kuti?"

"Njovu sizigwira ntchito, chimene chimagwira ndi kulemera."

"Ndiye iwe ukuzifuniranji?"

Anabwerera ndi washa wawo.

Chimene chinawathandiza si nzeru zawo ayi, ndi anamwino a kusikelo. Anali atayamba kukalipira azimayi kuti asamamange zitsulo pamichombo ya ana, khungu limanyuka, ndipo mchombo umabwerera wokha mwana akamakula. Atsikana a m'mudzimo anayamba kuchita manyazi kulibwereka. A Yosefina nawo maso anali atayamba kuchita nkhungu. Tsiku lina anaitana a Shawa, anamasula mfundo pansonga ya chitenje, n'kuwaika kobirilo m'dzanja, koma osachotsa chala chawo.

"Tamvera. Ili saligulitsa, ndipo salimana. Ine ndinalandira choncho kwa apongozi anga. Mwana wa munthu akalifuna, upereke."

"Inde, inde, azakhali."

"Wamva, kapena ukungoti inde?"

"Ndamva ndithu."

Anamva chiyani! Maso anali pa njovu. Anafika kuno akuimba belu kuyambira kumsewu, anamasula masikuluu, anakhazika kobiri m'kadzenje kake, n'kumanganso galasi zolimba ngati akumanga ekiselo. Tonse tinaitanidwa kukaona. Linali lakuda, losalala m'mbali chifukwa cha mimba za ana a mudzi wonse, koma njovu zinalipo, chitamba m'mwamba. Amake Chipo anauzidwa kuti aonere chapatali, manja ali kumbuyo.

Chimwemwecho sichinathe mwezi. Mwana wawo Chipo, amene anakwatiwa ku Katete, anabwera kudzaonetsa khanda, kamtsikana kotchedwa Emma. Agogo aakazi pokasambitsa anaona kamchombo kali tu, ndipo mwanayo akalira kankatukumuka ngati chubu chofooka. Anapukuta manja n'kukaima pakhomo.

"Atate ake Chipo, bweretsani sikuludiraiva."

"Ya chiyani?"

"Musandifunse ngati mlendo. Mdzukulu wanu watengera inu."

Apa ndiye tinaona zodabwitsa. A Shawa, munthu amene sanapondepo kusikelo chibadwire ana awo onse, anasanduka namwino. Anafotokoza za tizilombo, za khungu lonyuka, za boma limene linaletsa. Anafunsa Chipo ngati akunama, ndipo Chipo anavomera kuti anamwino anamuuzadi kuti asaikepo kanthu.

"Mwamva?" anatero a Shawa. "Sindine, ndi achipatala."

"Chabwino," anatero amake Chipo. "Ndiye mkuja ndikwera basi, ndikawauze azakhali kuti kobiri lawo munalitsekera m'ndende. Ndikawauzenso kuti woyamba kumanidwa ndi magazi anu omwe."

Tsiku lotsatira a Shawa anamata chigamba pamalo opanda bowo, ndipo mwini njinga anabwerako kawiri. Ankadziwa kuti kobirilo likangotuluka m'galasi n'kukhudza mwana mmodzi, mbiri imveka, ndipo silidzagonanso m'kadzenje kake. Miyezi yonse ya kupalasa ndi kupempha inali pamenepo. Koma ankadziwanso chala cha a Yosefina, mmene chinakanikizira m'dzanja mwawo.

Madzulo anapeza amake Chipo atatulutsa kale chitenje cha paulendo. Chipo anali pamkeka, akuluka mkuzi, kachingwe kaja amamanga ana m'chiuno. A Shawa anakhala pampando, anamuyang'ana mdzukulu wawo nthawi yaitali. Kenako anafunsa, osayang'ana munthu:

"Iwe Chipo, anamwino aja anati pamchombo pokha, kapena ndi m'chiuno momwe?"

"Anati pamchombo, atate. Za m'chiuno sananene."

Anapisa m'thumba la ovololo n'kutulutsa sikuludiraiva. Masikuluu aja anavuta, poti anawamanga okha ndi mkwiyo wa sheleni ija yokwechedwa, ndipo imodzi inachita kuthyoka mutu. Analowetsa mkuzi pabowo ndi manja awo, n'kumanga mfundo ya pambali, kuti kobiri lizilendewera pantchafu, kutali ndi mchombo. Amake Chipo anang'ung'udza kuti mankhwala saika pambali pa bala, koma chitenje cha paulendo anachibweza m'sutikesi.

Tsopano mvula yayambanso, chaka chakwana. Mchombo wa Emma wayamba kuphwa. Amake Chipo amati ndi njovu, Chipo amati ndi zimene ananena anamwino, ndipo a Shawa akafunsidwa amapopa tayala mwamphamvu kuti asamve funso. Zimene ankaopa zinachitikadi. Kobiri litangobwera kuchokera ku Katete, mayi wina wa ku Mchini anali kale pakhomo, mwana kumbuyo, manja akuwomba. Pambuyo pake wina wa ku Magazine. Azimayi a m'tauni amaseka za kumudzi masana okha.

A Shawa samana, koma ali ndi malamulo awo. M'chiuno basi, pamchombo ayi, ndipo kusikelo mwana azipita. Lalikulu kuposa onse ndi lakuti phulusa lisayandikire. Lamlungu akaweruka kutchalitchi amakwera njinga kukaliyendera kumene lili, ngati munthu wokaona ng'ombe zake zoikiza. Amalonjera eni nyumba mwachidule, amatembenuza mwana, amaona njovu, kenako ndiye amafunsa dzina la mwanayo.

Bokosi lija lakula, awonjezera thabwa lachiwiri, ndipo akuti chaka chino akufuna hafu koloni, ndalama ija ya masheleni awiri ndi theka. Galasi analichotsa masikuluu n'kuika mahinjesi a windo, chifukwa anatopa ndi kumasula. Dzulo kunabwera mphunzitsi wina kudzaona, ndipo monga mwa onse chala chake chinathamangira pakadzenje kopanda kanthu, pambali pa nyamalikiti.

"Nanga apa, a Shawa? Simunalipezebe?"

"Ndinalipeza," anatero a Shawa, akupukuta galasi ndi mkono wa ovololo. "Lili ku ntchito. Mubwere mwezi wa mawa, mwina mudzalipeza lili pa tchuthi."