Liwu limene anabisira alamu anga

Lachiwiri ndinaperekeza alamu anga, amake Esinati, ku chipatala china kukamva zotsatira za chotupa cha pakhosi pawo. Dokotala anagwira chotupacho, natembenukira kwa ophunzira amene anali naye, nanena liwu limodzi: "Maligna." Kenaka anamwetulira kwa odwalawo. "Musadandaule, mayi. Kamweni mankhwalawa."

Sanadziwe kuti nkhalamba imene inawanyamulira thumba inaphunzira Chilatini kwa asisitere.

Liwu limenelo ndimalidziwa. M'tchalitchi tinkatchulira mzimu woipa. Pa phunziro la mbiri yakale linkanena za mitima ya mafumu ankhanza a ku Roma. Aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti ndilo dzina la chotupa chimene chimafalikira m'thupi. Konseko ntchito yake inali kuchenjeza. Lachiwiri dokotala uja analisandutsa nsalu yotchingira.

Mu minibasi, tikudutsa pa Chitakale, ndinati, "Alamu, bwanji timuitane Esinati?"

"Iyayi alamu, musamuvutitse mwana, akupalira ku Mozambique kuja. Simunaone adokotala akuseka nane? Adzabwera tikamathyola nandolo."

Nandolo! Ndani wawalonjeza kuti nyengo ya nandolo idzawapeza?

Ndinameza mawu, pakuti ine ndine wa kuchimuna. Uthenga wolemera chotere sutuluka pakamwa pa mlamu. Umadzera kwa mwinimbumba, achimwene awo a odwalawo. Ine mwambo unandimanga. Nanga dokotala uja chinamumanga n'chiyani?

Inu ovala zoyera, mumati mukuteteza odwala ku mantha. Kodi thupilo ndi la yani? Mayi amene anaikapo ana ake m'manda, nabwerera kumunda, mukuyesa angalephere kusenza choonadi? Pomubisira mumamulanda mpata wofuna thandizo ku Blantyre, mumamulandanso mpata woitana mwana wake. Akuluakulu anati ukabisa matenda, maliro adzaulula. Koma maliro akamaulula, inu simukhalapo. Timakhalapo ndife, kuyang'anizana ndi mwana wofunsa kuti, "Bwanji simunandiuze?"

Lachitatu ndinapita ku Thuchila kwa achimwene awo a alamu anga. Anandipatsa mpando, nafunsa, "Kodi dokotalayo anati chiyani kwenikweni?"

Ndinawauza m'Chichewa: ndi khansa, ndipo siyembekeza nandolo. Lilime silinathyoke. Iwo anavula chipewa, natuma uthenga kwa Esinati tsiku lomwelo.

Ngati nkhalamba yakwanitsa kulinena liwulo m'chinenero chathu, inu amene munaphunzira zaka zonsezo chikukukanikani n'chiyani?