Ndinasiya mapiritsi kuti nkhope isalale

Tiziphuphu tinayambira pamphuno, sabata yachiwiri nditayamba kumwa mapiritsi a khansa ya m'mapapo. Adokotala anali atandiuza kuti mankhwalawa amalunjika pa chotupa ndipo sathothola tsitsi, ndiye ndinkati ndapulumuka. Mwezi usanathe, nkhope, khosi ndi pachifuwa panatuluka zidzolo zoyabwa, zina zamafinya. Nsonga za zala zinang'ambika moti ngakhale kumanga duku inali ntchito. Ndikayenda padzuwa kukakwera minibasi ku Chimwankhunda, khungu linkawotcha ngati ndapaka tsabola.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri si ululuwo ayi, koma pakamwa pa anthu. Kutchalitchi kunamveka mphekesera yoti ndayamba kudzola mafuta oyeretsa khungu. Ine mayi wamkulu, wakuda bii wa ku Nsanje, ndiyere kuti ndipite kuti? Za khansayo ndinali nditauza amuna anga okha, choncho ndinkangomeza mawu.

Chinkhoswe cha mwana wanga wamkazi chitayandikira, ndinachita chinthu chopusa. Ndinabisa botolo la mapiritsi musutikesi kuti nkhope isalale, anthu akuchimuna asadzandiyang'ane modabwa. Inasalaladi. Koma patatha milungu itatu kutsokomola kunayambiranso, ndipo kamtunda kopita kwathu ndinkakakwera mopumira kawiri.

Kuchipatala ndinafika m'mamawa, ndinakhala pabenchi mpaka masana, kabuku kanga ka zaumoyo kali m'manja. Namwino atamva zimene ndinachita anangogwira pakamwa. "Mayi, zidzolozi timazidziwa, mankhwala ake tili nawo. Bwenzi mutangobwera kudzationetsa." Anandipatsa mapiritsi ochepetsa zidzolo ndi mafuta opaka, n'kundilangiza kuti ndizivala chipewa padzuwa komanso ndisamasambe madzi otentha kwambiri. Adokotala anandiyambitsanso mankhwala aja, koma chithunzi cha m'chifuwa chinaonetsa kuti chotupacho chinali chitakula pa nthawi imene ndinasiya.

Lero ndikupuma bwino, zipsera zilipo koma sizipweteka. Chotupa chinasiya kukula, kungoti sichinabwerere pomwe chinali, ndipo ndikaziganizira ndimadzikwiyirabe. Inu amene mukumwa mankhwala otere, khungu likangoyamba kusintha pitani mukaonetse msanga, musasiye kumwa mwa inu nokha. Ine milungu itatu ija ndinaitaya chifukwa cha mwambo wa tsiku limodzi, ndipo palibe amene angandibwezere.