Ng'ombe yanga inathyokera m'dambo

Nditabwerako ku mapulazi a ku Halale ndinagula ngolo ndi ng'ombe ziwiri zokoka. Inali nthawi ya Chitaganya, ndipo m'midzi ya kwathu kufupi ndi Sinda anthu anali atalimbikira kulima nsawa. Aliyense ankafuna chonyamulira matumba kupita kumsika, ndiye ine ndinkabwereketsa ngolo yanga. Chakudya cha ana anga chinkachokera m'magudumu amenewo.

Ndinali nditapsa nawo kale anthu obweza zinthu zothyoka akumwetulira. Choncho wobwereka aliyense ankabwera ndi mboni, n'kuvomera pamaso pawo kuti ngolo kapena ng'ombe ikawonongeka ili kwa iye, mlandu ndi wake. Ena ankati ndabwera ndi mtima wa Azungu. Ndinkangowasiya alankhule.

Chaka china anabwereka mlimi wa mudzi woyandikana nafe, munthu wa khola lake koma wopanda ngolo. Ng'ombe zanga sankazidziwa, ndiye analemba ganyu mwana wa mlongo wanga kuti aziyendetse. Ameneyu sanali mwana ayi, anali bambo wa ndevu zake, waphuma kuyambira ali kumsana. Pofuna kufika msanga ku Katete anasiya msewu n'kudulira m'dambo, ngolo itadzaza. Ng'ombe ya kumanja inalowa m'dzenje, mwendo n'kuthyoka. Tinaiphera pomwepo, ine mtima ukuwawa ngati ndaferedwa.

Kubwalo mboni zinanena zoona. Akuluakulu anagamula kuti mlimi uja andipatse ng'ombe, ndipo iye sanatsutse. Ndinayamba kupuma bwino. Kenaka anapempha kulankhula.

"Ng'ombe ndipereka," anatero. "Koma ine ndinamuuza woyendetsa kuti atsate msewu, anthu akumva. Nanga ineyo andilipira ndani?"

Akuluakulu atamufunsa woyendetsa uja, anavomera atazolika. Atate ake, alamu anga, anali pomwepo, koma ankangotokosa pansi ndi kamtengo. Kwathu mlandu wa mwana supita kwa atate ake, umapita kwa malume ake, mwini mbumba.

Mkulu wina anatembenukira kwa ine. "Malume ake a mwanayu ndani?"

"Mukundidziwa," ndinayankha.

"Ndiye awa akupatseni ng'ombe, inunso muwapatse ng'ombe. Kapena tisavutitse ziweto kuyenda padzuwa, aliyense akhale ndi zake?"

Anthu anaseka. Ine ndinalibe ndi mphamvu yokwiya yomwe. Ndinati pangano langa linali ndi wobwereka, osati ndi mbumba yanga. Iwo anati pangano lakwaniritsidwa, palibe walithyola. Mpaka lero ndikaiganiza nkhaniyi mutu umangolemera.

Ng'ombe imodzi siikoka ngolo. Inatsalayo inkangodya msipu, ngolo ili pansi pa mtengo, nkhuku zikuikiramo mazira. Nsawa zathu chaka chimenecho tinasenza pamutu, ine ndi mkazi wanga.

Patapita masiku mlongo wanga anabwera. Anagwada patali, nathokoza kuti ndamuchotsa mwana wake m'mlandu. Ndinaganiza kuti wathera pomwepo, koma sanadzuke.

"Achimwene, mwana wanu uja pamudzi pano palibenso womulemba ganyu. Akuti apite ku migodi akayese kumeneko, koma alibe choyendera."

Malume ake a mwanayo ndinali ine. Kunalibe wina woti ndimutumizeko mlongo wangayo. M'mawa mwake ndinamanga chingwe ng'ombe yotsala ija, n'kuyamba kufunsa wogula.