Khofi wa Nthochi Yootcha

Ndikukumbukira nyumba ya boma imene tinkakhala ku Nkhata Bay, pamtunda pomwe ukaima pakhonde umaona madenga a msika ndi doko pansi pako. Tinasamukirako kuchokera ku Ntcheu ndili kupulayimale, bambo atawatumiza ku ofesi ya zaulimi. Ife tinazolowera mphepo yozizira ya kwathu, ndiye kutentha kwa kumeneko kunatisautsa. Mayi ankangokhalira kudzikupiza ndi chivundikiro cha poto. Bambo okha ndiwo sanasinthe. Dzuwa liswe mtengo, iwo akaweruka ankafuna khofi wawo wotentha.

Khofiyo ankawapatsa alimi a kumapiri akapita kukayendera minda. Ankabwera naye wokazinga kale, ndipo ntchito yosinja mu kamtondo inali yanga. Fungo lake linkandikakamira m'manja mpaka kusukulu. Koma kunena zoona, chimene bambo ankamwa chinali khofi dzina lokha. Ankathiramo mkaka wa m'chitini, wonata uja wotsekemera, n'kuwonjezeranso shuga mpaka mayi kutembenukira kumbali. Pambali pankakhala zitumbuwa za anyaManda, mayi wachitonga amene ankagulitsa pakhomo lolowera mumsika. Bambo ankaviika chitumbuwa m'kapu, n'kudikira kuti chinyowe bwino, kenako n'kumatifunsa za kusukulu ine ndi mchimwene wanga Yamikani. Ankatiseka tikamayesa Chitonga chathu chopotoka, pamene chawo chinali chopotoka kuposa chathu. Nthawi ya khofi inali nthawi imene tinkakhala ndi bambo athu.

Kenako anayamba kuonda. Ankamwa madzi osakhuta, malamba n'kumaboola mabowo atsopano. Tsiku lina akukwera chitunda pochokera kuntchito anachita chizungulire, ndipo amene anawafikitsa kunyumba anali amuna awiri onyamula katundu kudoko, mmodzi mbali iyi wina mbali inayo. Kuchipatala anati ndi matenda a shuga. Anawapatsa mapiritsi, n'kuwauza kuti asiye shuga ndi zokazinga m'mafuta, ndiponso aziyenda.

Mayi sanachedwe. Chitini cha shuga chinasowa patebulo, mkaka wonata uja osagulidwanso. Madzulo ankawaikira khofi wakuda bii, wopanda kanthu. Bambo ankapsontha kamodzi, nkhope n'kukwinyika ngati mwana wamwa mankhwala a malungo, n'kusiya kapuyo kuti izizire yokha. Posakhalitsa analeka kukhala pakhonde. Akaweruka ankangosintha malaya n'kunena kuti akukawongola miyendo monga anauzira adokotala. Mayi anakondwa. Koma munthu woyenda mtunda amabwera ndi thukuta, pamene bambo ankabwera ndi milomo yonyezimira, ndipo thumba la malaya awo linayamba kukhala ndi kadontho ka mafuta kosachoka pochapa.

Tsiku limene mayi anawafunsa za mafutawo, ndinali kukhitchini ndikutsuka mbale. Sanakweze mawu, koma makoma a nyumba za boma ndi opyapyala. Mayi anawakumbutsa kuti ana akadali aang'ono. Kenako bambo anati, "Mayi a Tadala, ndagwira ntchito tsiku lonse. Kanthu kamodzi kokha kamene ndinkayembekezera madzulo mwandilanda. Ndizikhalira chiyani pakhondepo?" Ndinangomva mayi akufwenthera. Tadala ndine, ndipo tsiku limenelo ndi limene ndinayamba kuopa kuti bambo angathe kufa.

Loweruka lotsatira anyaManda anakwera chitunda chathu atasenza dengu la nthochi zakupsa. Sitinkayembekezera. Anakhala pamkeka, napukuta thukuta, n'kulankhula Chichewa chawo chokwera ndi kutsika. Anati za matendawo anazimva mochedwa kwa onyamula katundu aja, ndipo mchimwene wawo anadulidwa mwendo ndi matenda omwewo. Anati kasitomala ngati bambo ndi wosowa, koma kuyambira tsiku limenelo sawagulitsanso.

"Koma amama," anatero, "munthu ukamulanda chinthu m'manja, umuikiremo china. Manja opanda kanthu amapita kumsika."

Anatiuza kuti chimene chimakometsa zitumbuwa si mafuta ayi, koma nthochi yopsa kwambiri, ija yamathothomathotho, ndi kamchere pang'ono. Anati tiyese kuika kukoma komweko mu khofi. Mayi anayamba akafunsa anamwino ena amene tinkapemphera nawo. Iwo anati nthochi nayonso ili ndi shuga wake, tsono isapitirire theka la nthochi yaing'ono, kamodzi patsiku, ndipo mapiritsi asawasiye.

Kuyesa koyamba kunali kochititsa manyazi. Tinakanya nthochi yakupsa yosaphika ndi foloko n'kuithira mu khofi. Zibuluma zinkayandama pamwamba. Bambo anasuzumira m'kapu n'kufunsa kuti ndi mwana wa ndani wasiya phala lake mmenemo. Ulendo wachiwiri mayi anathiramo nsinjiro kuti pakhale kununkhira, koma dzanja linawalemera. Yamikani atalawa anati changotsala ndi kuponyamo masamba a nkhwani. Tinaseka tonse, ngakhale bambo, koma kapu inabwerera kukhitchini yodzaza. Mayi anati basi atopa, munthu wamkulu sanyengereredwa ngati khanda.

Ine sindinafune kusiya. Ana a m'dera lathu tinali ndi chizolowezi chimene makolo sankachilabadira. Akamaliza kuphika, tinkaponya nthochi ndi khungu lake lomwe pa makala otsala pambaula. Khungu linkada, n'kung'aluka, madzi ake n'kumatuluka akuchita thovu. M'kati munkakhala mofewa, monunkhira ngati keke ya paukwati. Ndinaganiza kuti mwina chimene chinkasowa ndi moto.

Ndinasankha nthochi yopsetsa, n'kuiotcha mpaka khungu kuda. Ndinadula theka, linalo n'kupatsa Yamikani kuti asandisokoneze. Ndinaikanya ikadali yotentha, n'kumathira mkaka wa ng'ombe wowiritsa pang'onopang'ono mpaka zonse zinasalala. Ndinakazinga mtedza wodzaza chikhatho changa chaching'ono, n'kuusinja mpaka unayamba kutulutsa mafuta, ndipo ndinangotapako kunsonga ya supuni. Kamchere ka anyaManda sindinaiwale. Mayi ataona kuti ndalimbikira, anatsegula kabati n'kutulutsa kabotolo ka sinamoni kamene ankasungira keke ya Khirisimasi. Zonsezo ndinazisefa ndi sefa ya tiyi, ndikukanikiza ndi supuni, kenako n'kuthira khofi wowawa bwino pamwamba. Anasanduka wofiirira, wokhuthala pang'ono, ndipo fungo lake linatuluka pakhomo lisanafike dzanja langa.

Bambo anali atavala kale nsapato kuti azipita kowongola miyendo. Ndinawapatsa kapuyo nditagwada. Ananunkhiza. Anandiyang'ana, nayang'ana mayi amene anaima pakhomo ngati sakudziwa kanthu. Anapsontha, n'kukhala pansi pampando wawo wa pakhonde. Anapsonthanso.

"Shuga ameneyu mwamutenga kuti?" anafunsa.

Mayi anati mulibe shuga ngakhale kambewu kamodzi, ndipo wapanga ndi mwana wawo. Bambo sanandiyamikire. Sanali munthu wotero. Anamwa pang'onopang'ono, akuyang'ana kudoko kumene anthu ankatsitsa matumba a usipa, mpaka kapu inatsala mbee. Kenako anaigwedeza kuti zotsalira pansi zisonkhane, namwanso.

"Tadala," anatero, "mawa usachulutse mtedza."

Ndinathamangira kukhitchini chifukwa misozi inali pafupi. Mawu oti mawa ndiwo ndinamva ine. Pambuyo pake ndinamva bambo akuvula nsapato n'kuitana Yamikani kuti abwere ndi makope ake.

Sindinganame kuti khofi wanga ndiye anawachiritsa. Matenda a shuga sachira, ndipo chimene chinawathandiza kwambiri ndi mapiritsi ndi kuyenda. Kuyendako tsopano kunakhala kwenikweni: Loweruka lililonse ankatsika ndi mayi mpaka kugombe la Chikale, n'kubwera malaya atanyowa. Paukwati ankababe kagawo ka keke mayi akayang'ana kumbali, ndipo tonse tinkadziwa. Koma ulendo wa mseri wa kumsika unatha. Akadutsa pa anyaManda, iwo ankaphimba beseni la zitumbuwa ndi nsalu mwachipongwe, n'kuwasankhira nthochi zakupsa. Bambo ankadandaula kuti m'tauni yonse ya Nkhata Bay alibe mnzawo, aliyense ndi wapolisi wa mayi. Kenako ankathokoza m'Chitonga kuti yewo, n'kunyamula nthochizo.

Ntchito yootcha inakhala yanga mpaka ndinapita kusekondale yogonera komweko. Masiku a mvula makala akanyowa ndinkaotchera pa chiwaya, ndipo bambo ankazindikira nthawi yomweyo. Nthawi zina ndinkathiramo kokoo pang'ono m'malo mwa sinamoni, iwo n'kumati lero tadya chokoleti.

Lero ndimakhala ku Lilongwe. Kuno kuli malo omwera khofi kumene amakupatsa kapu yaitali yodzaza kirimu ndi madzi a shuga wopsereza, ndipo ana anga amaikonda. Kunyumba ndili ndi makina ogayira amene amamaliza ntchito ya sefa ndi kamtondo ndisanatseke kabati. AnyaManda anatisiya kalekale, ndipo pamalo pawo pamsika ndinapezapo mtsikana wogulitsa mayunitsi a foni. Bambo anapuma pantchito, ali ku Ntcheu ndi mayi, tsitsi lonse mbuu, ndipo zidzukulu zawo aziona zonse.

Mwezi wathawu adokotala anandiuza kuti shuga wanga nayenso wayamba kukwera, ndisamale. Nditafika kunyumba ndinauza ana. M'mawa mwake ndinapeza mwana wanga wamkazi wachotsa shuga patebulo, ataima pambali manja m'chiuno. Ndinapsa mtima, ine mayi wamkulu, chifukwa cha supuni ya shuga. Ndinaimbira foni bambo kuti ndiwadandaulire. Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo atapeza mpweya anati, "Mpatse foniyo mdzukulu wangayo. Ndimuuze kaotchedwe ka nthochi."