Zimene Ndinakhoza Kwathu Konkuno

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene bambo anabwera kunyumba masanasana, nsapato zawo zapantchito zili m'jumbo. Fakitale yawo ku Limbe inali itatseka. Ine ndinali nditangomaliza chaka chachiwiri cha digirii ya zamakompyuta payunivesite ina mumzinda muno. Kwathu ku Mbayani palibe anatchula za fizi, koma tonse tinadziwa kuti yathera pomwepo. Msuweni wanga Fatsani, yemwe ankakonza mafoni ku Joniko, anandiimbira nati, "Tadala, tangobwera. Sukuluyo udzapitiriza kunoko." Ndinakwera basi ndili ndi mtima umenewo.

Kupitiriza kwake kuti? Payunivesite ya kumeneko mayi wina anayang'ana zotsatira zanga, nandibwezera osandiyang'ana n'kumaso komwe. Anati alibe njira yodziwira kuti maphunziro a ku Malawi akufanana bwanji ndi awo. Ndikafuna, ndiyambirenso chaka choyamba. Ndinatuluka nditakwiya, koma ndinayambiranso.

Masana ndinkamasula mafoni a anthu m'kashopu ka Fatsani, madzulo n'kumakamvera zinthu zimene ndinazidziwa kale. Ndalama ikapezeka inkagawika pawiri, ina kufizi, ina kumudzi, ine n'kutsala ndi buledi ndi tiyi. Amayi akatumiza uthenga ankayamba ndi "Wadya, mwanangu?" kenako nkhani ya lendi. Ndinkayankha kuti zonse zili bwino. Sindinawauze kuti Lamlungu ndinkangokhala m'chipinda chozizira, ndikuopa kuyankhula m'takisi kuti angamve lilime langa n'kudziwa kuti ndine wobwera. Choncho mpaka ndinamalizanso zaka ziwiri.

Kenako bambo anadwala, mbali imodzi ya thupi inasiya kugwira ntchito. Nthawi yomweyo ndinamva kuti mayunivesite agwirizana njira imodzi yowerengera maphunziro. Kosi iliyonse imapatsidwa mlingo wake, umene amati makirediti, ndipo wophunzira akhoza kusamuka nawo. Komanso kampani ina ya ku Limbe inati idzanditenga ndikangomaliza digirii. Ndinati basi, Mulungu wayankha. Ndinalongedza.

Muofesi ya payunivesite yanga yakale ndinapeza a Khembo, bambo amene timapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Anandilandira ndi manja awiri.

"Aa, si inu mwana wa a Sande? Mwatiyendera! Bambo akupeza bwanji?"

Tinacheza za matenda, kenako anatsegula kompyuta yawo. "Za ku Jonizi zilibe vuto," anatero. "Zili kale ndi makirediti, zalowa zonse. Koma kuti mulowe chaka chachitatu pakusowa makosi awiri, ya madatabesi ndi ya manetiweki."

"Ku Joni amaphunzitsa chaka chachitatu zimenezo, koma ine ndinakhoza kale konkuno. Onani, chidindo chake ndi chanu chomwe."

"Eee, ndikuona. Koma munakhoza pa silabasi yakale. Yakaleyo ilibe makirediti."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. "A Khembo, mukuti za kwa eni mwalandira, koma zimene munandiphunzitsa nokha simukuzidziwa?"

"Si kuti sitikuzidziwa, amayi. Komiti yoona zimenezi sinamalize kuziikira makirediti."

Ndinayenda. Kukwera minibasi ku Mbayani, kutsika m'tauni, kukweranso ina yodutsa pa Chichiri, mpaka kondakitala wina anayamba kundipatsa moni ngati wapantchito. Lero akuti wapampando wa komiti ali ku msonkhano ku Lilongwe. Mawa akuti aphunzitsi sakugwirizana ngati maola a mulabu awerengedwe onse, poti ena magetsi ankakhala atazima. Tsiku lina ndinakumana ndi mphunzitsi amene anandiphunzitsa madatabesi. Anandikumbukira, anati ndinali m'gulu la okhoza bwino.

"Ndiye tangolembani choncho, bwana," ndinatero.

Anapukusa mutu. "Ndikasainira ine ndekha, dongosolo lonse latha ntchito. Pirirani pang'ono."

Pang'onopo temu inayamba. Ndinalembetsa makosi awiri aja kuti ndisangokhala, chaka chathunthu n'kupita. A ku Limbe anandiimbira mwaulemu kwambiri kundiuza kuti sangadikire, malo aja apereka kwa wina. Ndinafika kunyumba n'kupeza amayi akuwasambitsa bambo m'manja. Anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kupitiriza kuwasambitsa.

Pano m'mawa ndimakonza mafoni pakhonde pathu, masana ndimakakhala m'kalasi ndi ana amene amandiitana kuti asisi. Njira ya makirediti sindikuinyoza. Ndaona mtsikana wina wochokera ku Lusaka atalowa nayo bwinobwino, osataya ngakhale temu. Chimandiwawa n'chakuti anatsegulira khomo alendo asanawerenge ana a m'nyumba.

Lamlungu lililonse tikaweruka, a Khembo amandigwira dzanja n'kunena kuti, "Komiti ikhala posachedwapa, musadandaule." Ndimavomera kuti zikomo. Ku Joni anandikana mouma ngati mlendo, ndipo tsiku lomwelo ndinadziwa poyambira. Kwathu kuno sanandikane mpaka lero. Amangondifunsa kuti bambo adzuka bwanji.