Dzina la pa Tsamba Lachiwiri

Chimera chikamauma pamphasa chimanunkha ngati dothi lonyowa losakaniza ndi nzimbe. Chaka chimenecho fungo limeneli linadzaza pakhomo pathu kuyambira mwezi wa Julaye. Amayi anayala mphasa zinayi kuseri kwa nkhokwe, ndipo nkhuku zinkazungulira pomwepo tsiku lonse ngati zalodzedwa. Ine ndinali mu Sitandade 5. Bambo anali atapita ku esiteti ya fodya ku Kasungu zaka ziwiri m'mbuyomo, osatumizako ndi moni yemwe. Pakhomo tinali awiri.

Mudzi wathu uli kupitirira Nsaru, mbali ya ku Kabudula. Tinali a Babatisti. Chaka chilichonse anthu akakolola ndi kugulitsa fodya, mipingo yonse ya m'chigawo chathu inkasonkhana malo amodzi, kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu. Malo ankasinthasintha. Chaka chimenecho alendo ankabwera kwathu. Amuna anadula bulugama, namanga msasa waukulu wa tsekera pafupi ndi tchalitchi, ndi ina iwiri yogonamo. Mphepo ya Ogasiti inkatithira fumbi ndi phulusa la lupsa m'maso. Milomo inkang'aluka, miyendo kutuwa ngati taponda mu ufa.

Amayi ankadziwika ndi thobwa. Ukwati uliwonse m'midzi yozungulira, anthu ankabwera kudzawapempha kuti akagwire mthiko. Choncho akulu a mpingo sanavutike kusankha. Anawauza kuti aphike migolo isanu ndi umodzi, nawapatsa amayi anayi owathandiza kutunga madzi kudambo.

Koma mtima wa amayi sunali pa thobwa. Unali musutikesi. Zaka ziwiri anakhala akuyenda ku kalasi ya gulu la amayi a mpingo, mvula kapena dzuwa, akuloweza mavesi ndi khutu chifukwa kuwerenga sankadziwa. Lamulungu la msonkhano ndilo linali tsiku loveka yunifolomu amayi atsopano pamaso pa mipingo yonse. Anagulitsa mtedza, telala wa pa Nsaru nawasokera bulawuzi ndi duku. Anazikulunga m'pepala la simenti, naziika pansi pa sutikesi. Nthawi zina ndinkawapeza atagwada pamenepo, atatsegula pepalalo pang'ono, akungoyang'ana. Akandiona ankatseka msanga ndi kundituma madzi.

Panali chinthu chimodzi chokha chowadetsa nkhawa. Agogo aamuna, bambo awo a amayi, anamwalira nthawi ya dzinja. Iwo sanali a tchalitchi, anali a gule. Titakolola inakwana nthawi yometa maliro, ndipo pamafunika mowa. Amalume anabwera nakhala pakhonde, osalandira ndi madzi omwe. "Mwana wamkazi ndinu nokha," anatero. "Mukufuna mowa wa bambo anu aphike wobwera?" Amayi anaphika. Sanalawe ngakhale dontho. Koma lamulo la mpingo linali loti mowa usamwe, usaphike, usabwereke ndi mbiya yomwe.

Sanadikire kuti wina akawanenere. Anapita okha kwa a Yotamu, mlembi wa mpingo wathu, bambo wa ndevu zochepa amene ankayenda ndi bolopeni ziwiri pathumba la malaya. Ndinawaperekeza mpaka pa mpanda. A Yotamu anamvetsera akugwedeza mutu. "Musade nkhawa, mayi," anatero. "Zimenezo tidzakamba alendo akapita. Panopa tiyeni tiganize za thobwa." Pobwerera amayi ankaimba nyimbo ya kalasi chapansipansi. Anati munthu akaulula yekha, akulu amamumvera chisoni.

Pa msonkhano wa pachaka panali mwambo wa makalata. Ankati unachokera kwawo kwa amishoni, kumene mipingo ya kumidzi inkachita chomwecho agogo athu asanabadwe. Mpingo uliwonse unkalemba kalata yonena za chaka chake, ndipo inkawerengedwa Loweruka anthu onse akumva. Munkakhala moni, obatizidwa, okwatirana, omwalira, ndi amene mpingo wawachotsa. Wowerenga ankakhala mlembi.

Kutatsala mlungu umodzi, a Yotamu anandiitana ndikuchokera kusukulu. Anati fumbi lawapweteka maso, zilembo zikuwavinira. Anati aphunzitsi awauza kuti m'kalasi monse palibe wowerenga Chichewa ngati ine. Anandipatsa tsamba limodzi la m'kope kuti ndikayeserere. Lachiwiri anati sanamalize kulemba, adzandipatsa tsiku lomwelo.

Ndinanyada kwambiri, sindibisa. Tsambalo ndinaliwerengera mbuzi, ndinaliwerengera nkhokwe, mpaka ndinaliloweza. Aphunzitsi anandiuza kuti ndiziima pa mpumiro uliwonse ndi kutchula dzina lililonse momveka, kuti mwini wake alimve ngakhale ali kumbuyo. Amayi anandichapira malaya a kusukulu kawiri. Anakabwereka simbi ya makala, nasita malaya anga ndi bulawuzi yawo tsiku limodzi.

Lachisanu alendo anayamba kufika dzuwa lili pamutu. Ena pangolo, ng'ombe zikutuluka thovu, ena panjinga atamanga mphasa ndi mabulangete kumbuyo. A ku Nambuma anabwera pa lole akuimba, onse ofiira ndi fumbi mpaka nsidze. A ku Mpingu ndi a ku Namitete anafika mochedwa, akudandaula za msewu. Aliyense akatsika ankalandira kapu ya thobwa asanakhale pansi. Amayi anali atakhala pamoto kuyambira Lachitatu. Maso awo anali ofiira ndi utsi, ndipo padzanja lamanja panali chithuza pamene phala linawadumphira. Ndinamva mbusa wina wachilendo akufunsa kuti thobwa lotere waphika ndani. A Yotamu analoza kukhitchini ndi kapu, nati mpingo wathu uli ndi manja odalitsika. Anamwa makapu awiri, napukuta ndevu.

Loweruka m'mawa anamangirira zokuzira mawu ziwiri mumtengo wa mango, zolumikiza ku batire ya galimoto. Chimodzi chinayang'ana kumsasa. China chinayang'ana kukhitchini, kuti amayi ophika asaphonye mawu. Makalata anayamba. Anali aatali, dzuwa linkalowa m'mipata ya tsekera, ana ankalira, azibambo ena ankasinza atatsamira mizati. Kenaka anaitana mpingo wathu. Ndinali wamfupi, choncho anandiimika pa benchi. Nditanena mawu oyamba ndinamva liwu langa likubwerera kuchokera kudambo, lalikulu ngati la munthu wamkulu. Osinza anadzuka. Tsamba loyamba ndinalimaliza osapunthwa.

A Yotamu anandipatsa lachiwiri, osandiyang'ana. Pamwamba panalembedwa kuti ochotsedwa mumpingo. Mayina anali awiri. Loyamba linali la bambo wina amene anatenga mkazi wachiwiri, ndipo aliyense ankadziwa kale. Ndinapuma pa mpumiro monga anandiphunzitsira. Kenaka ndinakweza mawu.

"Esitere Filimoni, chifukwa chophika mowa wa maliro a gule. Asayandikire mgonero, ndipo asavekedwe chovala cha amayi."

Esitere Filimoni anali amayi anga. Ine sindinkadziwa. Kwathu mwana satchula dzina la make, ndipo palibe amene amamuuza. Kwa ine anali amayi. Kwa anthu a m'mudzi anali aNaphiri, kapena make Lameki, potengera dzina langa. Agogo ankatchedwa ndi mfunda wawo basi, dzina la Filimoni ndinali ndisanalimvepo. Dzina lonselo linkakhala m'buku la mpingo mokha, m'chikwama cha a Yotamu. Za mowa ndinazimva ndithu zikutuluka pakamwa panga, koma ndinali nditamva ndi makutu anga kuti nkhani ya amayi idzakambidwa alendo akapita. Ndinaganiza kuti ameneyu ndi mayi wina wa kutsidya kwa dambo. Maganizo anga onse anali pa mipumiro.

Alendo anati amen, ena anandiombera m'manja. Anthu a kwathu anaweramitsa mitu. Mayi wina kumbuyo anati, "Mayo ine, mwana!" Mnyamata wina wa kwaya anaseka, mnzake namugunda ndi chigongono. Ine ndinayesa akudabwa ndi kuwerenga kwanga. A Yotamu anandilanda mapepala aja, nawapinda bwinobwino. "Wagwira ntchito," anatero. "Pita ukamwe thobwa."

Ndinathamanga. Kukhitchini ndinapeza amayi ataima okha pa mgolo, mthiko uli m'manja, osatakasa. Amayi anzawo, amene m'mawa ankaseka nawo, anali atasunthira mbali ina ya moto ngati pamenepo pagwa njoka.

"Amayi, mwandimva?"

"Ndakumva."

"Sindinalakwitse ngakhale pamodzi, eti?"

"Sunalakwitse," anatero, akuyang'ana mumgolo.

ANabanda, mtsogoleri wa gulu la amayi, anali atakhala pa mtondo akusadzula masamba. Anali mayi wonenepa, wa mawu okoma pa pemphero. Anandiitana ndi chala. "Iwe wanzeru iwe, bwera kuno. Kodi Esitere Filimoni ndi ndani?" Ndinati kaya. Mayi wina anabisa kamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. "Ndi amene anakubala," anatero aNabanda. "Lero wamudziwa." Kenaka anatembenukira kwa amayi. "Koma mgolo uli pamotowo mutsirize kaye, aNaphiri. Alendo achoka mawa."

Amayi anatsiriza. Anatakasa mpaka phala linapsa, analiphula, anathira chimera, navundikira ndi lichero. Anatsuka mthiko. Kenaka anandigwira dzanja, tinadutsa kuseri kwa misasa kupita kwathu. Ine ndinkafuna kulira koma ndinkaopa, chifukwa iwo sankalira.

Lamulungu m'mawa kunabwera mtsikana wotumidwa ndi aNabanda. Anagwada patali, nanena mawu ake akuyang'ana pansi. Mayi wina wa ku Mpingu, amene ankavekedwa tsiku lomwelo, bulawuzi yake inali itapsa ndi simbi. Popeza ya aNaphiri ingokhala, aibwereke. Amayi analowa m'nyumba, natuluka ndi pepala la simenti lija. Analipereka ndi manja awiri. Bulawuziyo sinabwerenso, ndipo iwo sanaifunse.

Tsiku lonse anakhala kuseri kwa nyumba akusenda mtedza. Mphepo inkachokera kutchalitchi, ndipo zokuzira mawu zinkafikitsa chilichonse pakhomo pathu. Tinamva mayina a ovekedwa limodzi ndi limodzi, ndi nthungululu pa dzina lililonse. Tinamva mbusa wachilendo akuthokoza mpingo wathu chifukwa cha chakudya ndi thobwa. Lolemba amayi anapita kukatsuka migolo yonse isanu ndi umodzi ndi mchenga, naibweza kwa eni ake, chifukwa anakabwereka ndi iwo.

Nditabwerera kusukulu, dzinalo linali pakamwa pa mwana aliyense. Kwathu kutchula dzina la mayi wa mnzako ndi kumutukwana, ndipo ine ndinali nditawapatsa ndekha, pa chokuzira mawu. Ndikamadutsa ankafuula motsanzira liwu langa, akuima pa mpumiro: "Esitere. Filimoni." Ndinamenyana masiku ambiri. Dzino lam'mwambali linathyoka nthawi imeneyo. Aphunzitsi akati ndiimirire ndiwerenge, ndinkangoyang'ana bolodi mpaka andikwapule. Ndinafika Sitandade 6, ndinasiya.

Amayi sanalowenso tchalitchi chilichonse. Sanapite kukapepesa, ndipo palibe anabwera kudzawatenga. Thobwa la maukwati anasiya. Za tsikulo sanandinenepo kanthu, zabwino kapena zoipa.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti ndinawachotsa ndine. Ndinkati ndikanadziwa dzinalo ndikanalumpha mzere umenewo, palibe akanazindikira, ndipo Lamulungu amayi akanavekedwa. Ndinanyamula zimenezo mpaka ndinamera ndevu. Lero ndikudziwa kuti akulu anali atagamula kale amayi asanasonkhe moto pansi pa mgolo woyamba. Anangosowa wophika wina. Ndikudziwanso kuti maso a a Yotamu analibe vuto, chifukwa Lamulungu lomwelo tinawamva akuwerenga mayina a ovekedwa osapunthwa. Chinawavuta n'kutchula dzinalo thobwa la mwini wake lili m'mimba. Anafuna pakamwa posanjenjemera, ndipo m'mudzi monse munali munthu mmodzi yekha wodziwa kuwerenga amene sankamudziwa Esitere Filimoni. Kudziwa zimenezi sikunandipepukitse. Kunangosintha amene ndimamukwiyira.

Amayi atakalamba anadwala, ndinawatengera kuchipatala ku Namitete. Kalaliki wa pawindo anafunsa dzina la wodwala. Ndinati aNaphiri. Anati ayi, dzina lenileni. Amayi anali pabenchi kumbuyo kwanga, atafunda chitenje, akumva. Ndinalinena chapansipansi. "Kwezani mawu, bambo, sindikumva," anatero kalaliki uja.

Ndinamupempha bolopeni, ndinalemba ndekha.